Auzeni Andiperekeze

Nkhani ya kalata yopita kwa phungu anaibweretsa a Watson, mkulu wa mpingo wathu, Lamulungu lachitatu la Novembala. Mapemphero anali atatha ndipo tinali kusanja mipando kukhoma, chifukwa holo ya ku Byker, kuno ku Newcastle, timangobwereka, ikakwana 3 koloko mumalowa gulu la nkhalamba zachizungu zophunzira kuvina. A Watson anagogoda kapu ndi supuni.

"Abale, musathawe kaye. Mabasi sakutha lero."

Anatifotokozera zimene ambiri tinali titamva kale pa wailesi. Kumapeto kwa mweziwo aphungu ku London anali oti avote pa bilu yolola munthu wamkulu, amene madokotala anena kuti watsala ndi miyezi yochepa, kupempha mankhwala oti afe nawo. Theka la mpingo wathu ndi manesi, choncho aliyense anali ndi mawu.

"Tinasiya kwathu kudzasamala anthu," anatero mayi wina. "Lero akuti tiziwatsiriza?"

"Apongozi anga akangomva zimenezi sadzapondanso kuno," anatero a Elton, oimba gitala.

"Ndiye inu mukufuna bilu idutse, eti?" wina anawaponyera, anthu n'kufa nacho chiseko.

A Watson anadikira phokoso lithe. Anati mpingo ulemba kalata yopempha phungu wathu kuti akakane, ndipo tonse tidzasaina Lamulungu lotsatira. Koma kalata yopanda nkhope ya munthu, anatero, aphungu amangoiponya pamulu. Pankafunika umboni. Apa anatembenukira kwa ine.

"A Lameck, aphunzitsi athu. Chingerezi cha kalatayi mutikonzera ndinu, zimenezo n'zodziwika. Koma tikupemphanso mutilembere za malemu mayi a Chifundo. Mmene anapiririra. Mudzatiwerengere pano tisanasaine."

"Eya," anavomereza mayi Joan, amene anakwera ndege imodzi ndi mkazi wanga Tereza pobwera kudzagwira unesi kuno mu 2001. "Tereza sanapemphepo njira yachidule. Anadikira mwini moyo."

Maso onse anali pa ine, maso achifundo amene anthu amayang'ana nawo mwamuna wofedwa. Ndinali nditanyamula mipando iwiri. Ndinati, "Chabwino," n'kukaiika kukhoma.

Kwathu ndinaphunzitsa Chingerezi zaka khumi ndi ziwiri pa sekondale ina ku Zomba. Kuno ku Newcastle ndimabwezera mabuku m'mashelefu mulaibulale, koma dzina la uphunzitsi silinandichoke. Anthu amandibweretsera makalata a boma kuti ndiwamasulire, ena ndimawaperekeza kwa maloya. Amandikhulupirira chifukwa amati sindiwonjezera ndipo sindichotsera.

Tereza anagwira ntchito m'mawodi zaka makumi awiri. Chotupa cha mu ubongo chitam'gwira, chinayamba ndi kum'landa Chingerezi. Ankamvabe zambiri, koma akati ayankhe, pakamwa pankatuluka Chichewa chokha, chija cha kwawo ku Ntcheu. Madokotala atanena kuti palibenso chochita, anam'samutsira ku hosipisi, nyumba imene amasamalirako odwala oyembekezera tsiku lawo. Kumeneko anatiuza kuti angathe kuitana womasulira wa pafoni. Ndinakana. Amalawi kuno ndife ochepa, womasulirayo akhoza kukhala munthu wotidziwa, ndipo za m'nyumba sitiyanika panja. Komanso ine ndinalipo, mphunzitsi wa Chingerezi.

Linali Lachiwiri masana, mu Febuluwale chaka chatha. Dokotala wake, mayi wamng'ono thupi wa tsitsi lofiira, analowa n'kukhala pamphepete pa bedi. Mwana wathu Chifundo anali pampando wa pawindo, maso pafoni. Iye anabadwira kuno, ndipo kuyambira ali ku nazale tikam'yankhula Chichewa amayankha Chingerezi, mpaka tinazolowera kukambirana zathu pamaso pake ngati palibe munthu.

Dokotala anagwira dzanja la Tereza n'kufunsa pang'onopang'ono kuti panopa chimene akufuna kwambiri n'chiyani.

Tereza sanayang'ane ine. Anayang'ana dokotalayo, monga nesi amayang'anira dokotala, ndipo mawu ake anali omveka kuposa masiku onse a mwezi umenewo.

"Auzeni kuti ndatopa. Ine ndatsanzika kale. Mlendo akatsanzika simum'gwira mwendo, mumam'perekeza. Mankhwala ali nawo, ndikuwadziwa, ndawagwira ndi manja angawa. Auzeni andiperekeze."

Panalibe chosamveka. Tereza ndi amene sankalola mlendo kutuluka yekha m'nyumba mwathu. Kaya kugwe mvula kaya chipale, ankavala jekete n'kumufikitsa pa siteshoni ya sitima ya Walkergate, akumati mlendo wongotsekeredwa chitseko kumbuyo amapita ndi nkhani. Ankadziwa tanthauzo la mawu amene anasankha.

Dokotala anatembenukira kwa ine, akudikira.

Ndinamuuza m'Chingerezi changa chosalala kuti mkazi wanga akuti watopa kugona m'chipinda, akufuna wina azimutulutsa panja, aziyenda naye pang'ono.

Nkhope ya dokotala inawala. Kawirikawiri zimene odwala ake ankapempha sankatha kuwapatsa, koma ichi chinali chotheka. Analemba m'faelo. Kuyambira tsiku lotsatira, 2 koloko iliyonse, manesi ankamukweza Tereza pa chikuku, kumufunditsa mabulangete atatu ndi chipewa cha ubweya, n'kumuzungulitsa kamunda ka maluwa kuseri kwa nyumbayo. Maluwa panalibe, inali mitengo yaminga yodulidwa nsonga. Njira yake inali ya miyala yoyala, ndipo tayala likagunda polumikizira, ndinkaona Tereza akutsinzina. Manesi ankanyadira kuti akukwaniritsa chofuna cha mnzawo. Mayi Joan akakhala pa ofu ankabwera kudzakankha okha.

Tsiku lachitatu ndinakankha ndine. Titafika pakona, pamene panali benchi yonyowa, Tereza anayankhula osatembenuka.

"Aphunzitsi, mwamasulira bwino."

M'nyumba sankanditchula choncho. Ndinali bambo a Chifundo. Ndinangomukonzera bulangete paphewa. Anakhalanso masiku makumi awiri, ndipo nkhaniyo sanaibwerezenso kwa ine.

Ndakhala ndikudziuza kuti sindinam'lande kanthu. Lamulo silinkalola, dokotala uja sakanachita zimene Tereza ankapempha. Zimenezo n'zoona. Koma dokotalayo anafunsa funso, ndipo yankho linali lake Tereza. Akanamva, mwina akanakhala naye pansi n'kumufunsa chimene chikumuopsa, mwina akanasintha mankhwala a ululu, mwina akanangomugwira dzanja akudziwa. Ndikanakonda kunena kuti ndinanama chifukwa choopa Mulungu. Chimene ndinaopa ndi faelo ija. Ndinaona mawuwo atalembedwa m'menemo, manesi akuwerenga, nkhani ikufika kumpingo, kuti mayi amene ankatsogolera amayi pa mapemphero a Lachinayi apempha imfa mwamuna wawo ali chikhalire pambali.

Umboni uja ndinaulemba Lachitatu ndi Lachinayi ndikaweruka. Sunandivute, ndipo zimenezo ndizo zinandidetsa nkhawa. Ziganizo zinkabwera zokha. Ndinalemba za ntchito yake, za mapiritsi amene ankawerengera odwala ena iye mutu ukumuwawa kale. Ndime yachitatu inati mpaka tsiku lomaliza sanapemphepo kuti masiku ake afupikitsidwe, ndipo chimene anapempha chinali kuona kunja basi.

Loweruka Chifundo anabwera kuchokera ku Salford, kumene amagwira ntchito yokonza mawu m'mapulogalamu a wailesi. Amabwera kamodzi pamwezi, amandidzudzula kuti furiji ilibe masamba, amatsegula mawindo. Titadya anaona mapepala patebulo.

"Ichi n'chiyani, Dad?" anafunsa m'Chingerezi, monga mwa masiku onse.

"Za kumpingo. Za bilu ija. Ungandionereko ngati muli zolakwika?"

Sindikudziwa chifukwa chake ndinam'patsa. Mwina ndinkafuna munthu wina anene kuti zili bwino. Anawerenga ataimirira, kapu ya tiyi m'dzanja. Anafika pansi, n'kubwereranso pamwamba pa ndime yachitatu. Kenako anaika pepalalo pansi mosamala.

"Chingerezi chake chilibe vuto," anatero.

Anatsuka mbale, ine ndikupukuta. Anandiuza za mnzake wa kuntchito amene amadya nsomba za m'chitini mu ofesi, ndinaseka pamene panafunika kuseka. Itakwana 4 koloko anatenga chikwama, ine ndinatenga jekete.

"Simukuyenera kubwera, Dad. Njira ndikuidziwa."

Amatero nthawi zonse, ndipo nthawi zonse ndimapita. Tinadutsa pashopu ya pakona ndi pabwalo la mpira, ine nditam'nyamulira chikwama. Mphepo inkachokera kumtsinje. Pa siteshoni pali makina a matikiti pamene amayi ake ankabwererapo, ndipo inenso ndimabwerera pomwepo. Ndinam'patsa chikwama. Sanachilandire.

"Adadi."

Anali asananditchule choncho kuyambira ali wamng'ono. Anayang'ana njanji, n'kutulutsa mawu awiri m'Chichewa, lilime likulemera, chilembo chilichonse pachokha ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala.

"Auzeni andiperekeze."

Ndinayang'ana chikwangwani cha nthawi. Sitima inali itatsala mphindi zisanu ndi imodzi.

Anapitiriza m'Chingerezi. "Munkaganiza kuti sindinamve? Mawu amenewo ndi oyamba amene ndinawadziwa. Chifundo vala jekete, tiperekeze alendo. Kunja kukugwa mvula, katuni ili pakati, ine ndikulira. Zaka zonsezo. Mwa mawu onse a Chichewa, Dad, amenewo?"

"Bwanji sunanene?"

Linali funso lopanda manyazi, ndipo ndinadziwa lisanathe kutuluka. Anandiyang'ana ngati mmene amayi ake ankayang'anira wodwala wonama kuti wamwa mankhwala.

"Munandilera kuti mwana satsutsa bambo ake pamaso pa alendo." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ayi, si zokhazo. Ndinasangalala kuti mwanama. Ndinkafuna akhalebe. Ndinayang'ana pafoni kuti asaone nkhope yanga. Kenako tsiku lililonse ndinkawaona pawindo akuwazungulitsa m'kamunda kaja ngati katundu, ndipo sindinkatsika."

Ndinkafuna kumuuza kuti mlanduwo si wake. Mawu ake ndinali nawo m'zinenero ziwiri. Chimene ndinachita ndi kusamutsa chikwama kuchoka kudzanja lamanja kupita kulamanzere.

"Kalatayo sainani ngati mukufuna," anatero. "Ine ndemwe sindikudziwa kuti ndikanakhala phungu ndikanavota bwanji. Tsiku lina ndimaganiza za amayi, tsiku lina ndimaganiza za agogo ena amene ana awo atopa nawo. Koma musawayankhulirenso. Kamodzi kaja kakwana."

Sitima inafika. Anatenga chikwama, anandigwira mkono pang'ono pamwamba pa chigongono, n'kukwera. Ndinaima pamakina paja mpaka inakhota.

Lamulungu holo inadzaza kuposa masiku onse. Kunabwera ndi a ku Sunderland omwe. Kalata inali patebulo lakutsogolo, yotayipidwa bwino, Chingerezi chake chokonza ine, cholembera chili pambali. Ulaliki utatha a Watson anandiitana.

"Tiyeni timve kwa aphunzitsi. Amayi, ana agwireni."

Ndinali nditabwera ndi pepala lija osasintha kanthu. M'basi ndinkaganiza zongodumpha ndime yachitatu, palibe akanadziwa. Ndinawerenga ndime yoyamba, ya ntchito yake. Anthu ankavomera chapansipansi. Ndinawerenga yachiwiri. Mayi Joan anali pamzere woyamba atavala yunifolomu mkati mwa jasi, chifukwa ankalowa ntchito madzulo, ndipo ankagwedeza mutu pa chiganizo chilichonse. Nditafika pa yachitatu ndinaona kuti ndikaidumpha, a Watson adzatumizabe pepala lonse. Ndinalipinda pakati.

"Ndime yotsalayi ndi yabodza," ndinatero m'Chichewa. "Ndinalemba ndine."

Mwana wina anagwetsa botolo, linagubuduka mpaka kutsogolo, palibe analitola.

"Dokotala anafunsa mayi a Chifundo chimene akufuna. Iwo anati, ndatopa, ndatsanzika kale, mankhwala ali nawo, auzeni andiperekeze. Ine ndinauza dokotala kuti akufuna kuyenda panja. N'chifukwa chake ankawazungulitsa m'munda muja."

Kenako, popeza panali achinyamata obadwira kuno, ndiponso popeza ndi ntchito imene ndinapatsidwa tsiku lija, ndinawanenanso mawu a Tereza m'Chingerezi, osawonjezera, osachotsera. Sanatenge nthawi. Ndinadabwa kuti anali ochepa chotero.

A Watson ndi munthu wabwino. Anaimirira msanga kuti andifunditse.

"Abale, matenda amayankhulitsa munthu zambiri. Tonse tikudziwa, mutu ukagwidwa..."

"Ayi, a Watson. Anali iwowo. Tsiku limenelo anali iwowo kuposa ine."

"Ndiye mwalowa mbali ya bilu, aphunzitsi?" anafunsa a Elton kumbuyo, ndipo nthawi ino sankaseka.

"Sindikudziwa. Mwina kalatayi ikunena zoona, ndaikonza ndine ndipo mfundo zake ndi zolemera. Koma dzina lawo lichokemo. Sangakhale mboni ya zimene sananene."

Ndinakhala pansi. A Watson anayang'ana kalata, anayang'ana mpingo, n'kutenga cholembera kukhwatcha mzere umene unkati taphatikizapo umboni wa banja la malemu. Wina anayambitsa nyimbo, ena anailandira mochedwa. Kalata inayamba kuyenda m'mizere. Itandifika ndinagwira cholembera kanthawi, ndikuwerenga ziganizo zanga zomwe, kenako ndinapatsira amene anali pambali panga. Iwo anasaina osandiyang'ana.

Tiyi sindinadikire. Ndinanyamula mipando yanga iwiri kukaika kukhoma, anthu akundipatukira mwaulemu wonyanya. Mayi wina anandigwira dzanja n'kunena kuti pepani, koma sindinadziwe ngati akupepesa maliro kapena manyazi. Ndili pakhomo ndinamva mapazi kumbuyo. Anali mayi Joan, akumanga mabatani a jasi.

"Tiyeni ndikutayeni apo," anatero.

"Muchedwa kuntchito, mayi."

"Odwala sathawa."

Tinatsika msewu wopita kokwerera basi. Nkhalamba zovina zija zinali zitayamba kufika, nsapato zonyezimira zili m'mapepala apulasitiki. Titadutsa pashopu yotseka ya makapeti, mayi Joan anayamba kuyankhula.

"Kunkazizira kumunda kuja," anatero.

"Kunkazizira."

Tinayendanso pang'ono.

"Tereza akati ayambe kuyankhula kumunda kuja, ine ndinkayambitsa nyimbo." Mayi Joan anali akuyang'ana kutsogolo. "Mavesi onse. Ikatha ndinkayambitsa ina."

Sindinawayang'ane, ndipo ndikuganiza kuti anayamikira. Titafika pakona anaima.

"Ine ndibwerere pano, bambo a Chifundo."

"Zikomo, mayi. Mwandiperekeza."

Anabwerera chamsangamsanga, mutu uli pansi chifukwa cha mphepo. Pokwerera basi panalibe munthu. Ndinatulutsa foni n'kulembera Chifundo mawu amodzi m'Chichewa: Ndawauza. Ndinawayang'ana nthawi yaitali, chifukwa amene anayenera kuuzidwa anali dokotala wa tsitsi lofiira uja, Lachiwiri lija, mwini mawu ali pomwepo akumva. Basi itatulukira pakona ndinatumiza.